Mafunso a Owerenga: Kodi Kachipangizo Kangadziwe Nsomba Yoipa Mphuno Isanamve Fungo?

Mwezi uno talandira makalata anayi ochokera m'makomboni osiyanasiyana a mu Lusaka, ndipo onse akukhudza nsomba; atatu mwa iwo akukhudzanso zipangizo zoyezera ngati chakudya chaonongeka. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo maina a eni ake sitinawalembe.

FUNSO: Akonzi, ine ndimagulitsa nsomba za makerele za m'makatoni pamsika wa kwathu ku Chilenje, ndipo ndimakapikula m'tauni kawiri pa sabata. Masabata atatu apitawo magetsi anazima usiku wonse mpaka masana, nsomba za m'fuliza zinafewa, koma magetsi atabwera zinaumanso gwa. Ndinazinunkhiza ndipo sizinamveke fungo lililonse, choncho ndinagulitsa. Mawa lake mayi wina amene amagula kwa ine nthawi zonse anabwera kudzadandaula kuti amuna awo atangomaliza kudya, nkhope inawatentha, thupi linatuluka zidzolo zoyabwa, mutu unawawawa ndipo mtima unkathamanga, ngakhale kuti pofika mbandakucha anali atapeza bwino. Mayiyo akuti nsombayo anaikazinga mpaka kuuma. Mwana wa achemwali anga, amene amaphunzira za zakudya, akuti kuli kachipangizo konga koyezera shuga kamene kamasonyeza ngati nsomba ili ndi poizoni wotere. Kodi n'zoona, ndipo ndingakapeze kuti? Ndine mayi wogulitsa nsomba, Chilenje.

YANKHO: Mayi, zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi zimene zimachitika munthu akadya nsomba yodzaza ndi histamine, ndipo mwana wa achemwali anuyo sanakunamizeni. Tiyambe ndi nsombayo, chifukwa munthu sangamvetse ntchito ya kachipangizoko asanadziwe chimene kamafunafuna.

Mnofu wa nsomba zina, makamaka za m'nyanja zamchere zimene zili ndi mnofu woderapo m'mbali monga tuna, makerele, sadini ndi anchovy, uli ndi chinthu chochuluka chotchedwa histidine, chimene pachokha sichipweteka munthu. Nsomba ikafa n'kukhala pamalo ofunda, mabakiteriya a m'matumbo mwake, a m'makha ndi a pakhungu amaswana mofulumira, ndipo ena mwa iwo, monga Morganella morganii, amadula kachidutswa kamodzi ka histidine uja n'kumusandutsa histamine. Histamine ndi yemweyo amene thupi lathu limatulutsa njuchi ikatiluma, n'chifukwa chake zizindikiro zake zimaoneka ngati za munthu amene thupi lake limadana ndi nsomba, pamene vuto lili mu nsomba ya tsiku limenelo yokha. Zizindikirozo zimayamba patangopita mphindi zochepa, mwina ola limodzi kapena awiri, ndipo anthu ena amanena kuti nsombayo inkawayabwa pa lilime ngati muli tsabola pamene sanathiremo.

Pali zinthu zitatu zimene zinakusokonezani, ndipo zimasokoneza pafupifupi aliyense wogwira ntchito yanuyi. Histamine sanunkha. Fungo la nsomba yowola limachokera ku zinthu zina, monga trimethylamine ndiponso abale ake a histamine otchedwa putrescine ndi cadaverine, amene dokotala wa ku Berlin, Ludwig Brieger, anawafotokoza koyamba mu 1885 pofufuza nyama zowola. Histamine angathe kuchuluka fungolo lisanayambe. Komanso moto sumuononga: kukazinga, kuwiritsa, kuwamba ndi utsi ngakhale kutsekera m'chitini kumapha mabakiteriya, koma histamine amene anapangika kale amatsala mumnofu momwemo. Ndipo fuliza imangoimitsa ntchitoyo, sibweza zimene zachitika. Magetsi atabwera nsomba zanu zinauma ndi zonse zimene zinapangika m'maola amene zinali zofewa aja.

Kuchuluka kwake kuli ndi malire odziwika. Akatswiri a FAO ndi WHO, mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi zaumoyo, atakumana ku Rome mu 2012 anagwirizana kuti mamiligalamu 50 a histamine pa chakudya chimodzi ndiwo mlingo umene munthu wathanzi sadwala nawo, ndipo powerengera kuti munthu angadye magalamu 250 a nsomba nthawi imodzi, anapeza malire a mamiligalamu 200 pa kilogalamu. Lamulo la European Union la nambala 2073 la mu 2005 limafuna kuti pa katundu mmodzi atengepo zoyeza 9, kuti avareji yake isapitirire mamiligalamu 100 pa kilogalamu, kuti ziwiri zokha ndizo zingakhale pakati pa 100 ndi 200, ndipo pasapezeke ngakhale imodzi yoposa 200. Taonani kuti amayeza nsomba zisanu ndi zinayi. Amatero chifukwa histamine sagawikana mofanana: m'katoni imodzi nsomba ya pakati ingakhale yabwino pamene ya m'mphepete yaipa, ndipo ngakhale pa nsomba imodzi, mnofu wa pafupi ndi mimba ungakhale ndi wochuluka kuposa wa kumchira. Mwina ndi chifukwa chake munthu mmodzi yekha ndiye anadzadandaula pa onse amene anagula tsikulo.

Tsopano kachipangizo kaja. Dzina lake ndi biosensor, ndipo n'zoona kuti ndi m'bale wake wa makina oyezera shuga, chifukwa onse anachokera ku nzeru ya Leland Clark ndi Champ Lyons, amene mu 1962 ku Cincinnati ku America anasonyeza kuti enzayimu itaikidwa pamwamba pa elekitirodi (kanthu kodutsa magetsi kamene kamakhudza madzi oyezedwa), munthu angayeze shuga pogwiritsa ntchito magetsi. Enzayimu si chinthu chachilendo kwa mayi wa kuno. Mukaika mizu ya munkoyo yosinja mu phala lolimba la chimanga, phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, ndipo imene yagwira ntchitoyo ndi enzayimu ya mu mizuyo imene imadula sitachi kukhala shuga. Chimera mu thobwa chimachitanso zomwezo. Enzayimu iliyonse ili ndi ntchito yakeyake, ndipo imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nkhani ya nsomba ndi diamine oxidase, imene amaitenga mu impso za nkhumba kapena mu mphukira za nsawawa. Pakatikati pa enzayimuyi pali kadontho ka kopa, kopa yemweyu amene dziko lathu limakumba ku Copperbelt, ndipo popanda iye siigwira ntchito.

Kapepala koyezera ndi kapulasitiki kakang'ono kosaposa chala, kamene pamwamba pake anadindapo timizere titatu ta inki yodutsa magetsi, ya kaboni ndi ya siliva. Pa kadontho kakuda ka kumapeto kwa mzere wapakati ndi pamene amamatapo enzayimu. Woyeza amadula mnofu wa nsomba, kuuyeza pa sikelo, kuupera ndi madzi okonzedwa mwapadera mpaka ukhale ngati phala lamadzi, kusefa, kenako kudonthezera madziwo pa kadontho kaja. Histamine akakumana ndi enzayimu, enzayimuyo imamuphwanya mothandizidwa ndi okosijeni wa m'madzimo, ndipo mwa zotuluka zake muli amoniya ndi hydrogen peroxide, madzi omwe aja a m'mabotolo a ku famase amene amachita thovu akathiridwa pa bala. Hydrogen peroxide ameneyu akafika pa elekitirodi amachititsa kuti timagetsi tochepa kwambiri tiyende, tosakwana n'komwe kuyatsa kababu ka wotchi, ndipo makinawo amawerenga timagetsito n'kutisandutsa nambala. Histamine akachuluka, timagetsi timachulukanso. Ntchito yonse imatha m'mphindi zowerengeka, pamene njira ya ku labotale imafuna maola ndi makina odula kwambiri.

Zipangizo zotere zilipo kale pa malonda. Kampani ya Biolan ya ku Spain imapanga makina otchedwa Biofish amene mafakitale oika tuna m'zitini amagwiritsa ntchito polandira nsomba. Koma ndikuuzeni mosabisa kuti sindikuona kuti ndi inu woyenera kugula. Mukayeza nsomba imodzi mwaiononga, ndipo nambala yake sikukuuzani za zinzake za m'katonimo. Malo oyenera makina otere ndi kumene katundu amafikira wambiri, m'madepoti a anthu oitanitsa makerele kuchokera ku Walvis Bay ku Namibia, ulendo wa makilomita oposa 2,000 pa msewu, ndiponso m'manja mwa oyendera zaumoyo a khonsolo ndi m'malabotale monga a Zambia Bureau of Standards. Kumeneko kuononga nsomba khumi kuti ateteze lole yonse n'kwanzeru.

Chimene chingakuthandizeni inu ndi kachipangizo kotsika mtengo koyezera kuzizira, kokhala ndi kachitsulo kobaya mumnofu. Nsomba yaiwisi yosaumitsidwa m'fuliza iyenera kukhala pansi pa madigiri 4, makamaka pafupi ndi 0 pa ayezi, ndipo youmitsidwa m'fuliza pa madigiri 18 pansi pa ziro. Magetsi akazima musamatsegule fuliza pafupipafupi, ndipo muzisungamo mabotolo a madzi oundana kuti azigwira kuzizira. Popikula muziyang'ana pansi pa katoni: mukaona magazi oundana atadikha pakona, katoni itanyowapo n'kuumanso, kapena nsomba zitamatirirana kukhala chibuma chimodzi chopindika, dziwani kuti katunduyo anasungunukapo panjira. Nsomba imene yafewa n'kufunda kwa maola ambiri ndi yotaya, ngakhale kuti kutaya katoni kumapweteka m'thumba. Wina akadwala chotere, kuchipatala amapereka mankhwala a mtundu wa Piriton ndipo ambiri amachira tsiku lomwelo, koma amene akubanika kapena kuchita chizungulire athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.

FUNSO: Akonzi, ndine wophunzira wa chaka chachitatu ndipo ndikukonzekera kafukufuku wanga womaliza pa ma biosensor. Mu zolembedwa zimene ndawerenga ndaona kangapo kuti biosensor ya diamine oxidase imapereka nambala yaikulu kuposa makina a ku labotale otchedwa HPLC pa nsomba imodzimodziyo. Kodi ndi iti imene imanama? Ndine mnyamata wophunzira, Kalingalinga.

YANKHO: Achimwene, nthawi zambiri palibe imene yanama, kungoti ziwirizi zikuyankha mafunso osiyana. HPLC imayamba yalekanitsa ma amine onse, ndiko kuti histamine ndi abale ake, kawirikawiri atawaveka kaye chizindikiro cha mankhwala otchedwa dansyl chloride kuti aoneke, ndipo imakuuzani za aliyense payekha: histamine wochuluka mwakuti, cadaverine mwakuti, tyramine mwakuti. Njira imeneyi ndiyo ili mu muyezo wa ISO 19343 wa mu 2017 woyezera histamine mu nsomba. Diamine oxidase siisankha chotero. Imagwira histamine, koma imakondanso kwambiri putrescine ndi cadaverine, ndipo ya mu mphukira za nsawawa imawakonda awiriwa kuposa histamine weniweniyo. Elekitirodi imangoona hydrogen peroxide, siidziwa kuti wachokera kwa yani. Choncho nambala yanu ndi ya ma amine angapo ophatikizana, ndipo mukaitchula kuti ndi ya histamine yekha, wonama mukhala inu.

Ine sindiona chimenechi ngati chilema chokhachokha. Ngati funso lanu ndi lakuti kodi nsomba yayamba kuonongeka, nambala yophatikizayo ndi yothandiza, makamaka popeza putrescine ndi cadaverine akuganiziridwa kuti amalepheretsa matumbo a munthu kuphwanya histamine, motero angakulitse matendawo. Koma ngati mukufuna kuyerekeza ndi malire a lamulo, mufunika enzayimu yosankha bwino, monga histamine dehydrogenase yochokera ku mabakiteriya a m'nthaka, imenenso siidalira okosijeni wa m'madzi. Pa tyramine ena amagwiritsa ntchito tyrosinase ya mu bowa, koma iyo imagwiranso zinthu zina za m'zakudya zotchedwa ma phenol.

Gwero lachiwiri la nambala yokwera ndi mphamvu ya magetsi imene mwaika pa elekitirodi. Kuti hydrogen peroxide apereke ma electron ake pa elekitirodi ya chitsulo cha platinum pamafunika volt pafupifupi 0.6 mpaka 0.7 poyerekeza ndi elekitirodi ya siliva, ndipo pa mphamvu imeneyo vitamini C, uric acid ndi zinthu zina za m'chakudya nazonso zimapereka timagetsi tawo, ngati anthu olowa pa ukwati osaitanidwa n'kuwerengedwa pa mbale. Njira zothana nazo ndi zodziwika. Ena amapaka Prussian blue pa kaboni, utoto wabuluu wakalekale umene umalola kuyeza hydrogen peroxide pafupi ndi volt 0, pamene zosokoneza zija zimakhala chete. Ena amaonjezera enzayimu yachiwiri, horseradish peroxidase. Ena amaphimba ndi kansalu kopyapyala ka Nafion kapena cellulose acetate kuti kasefe zolowa. Musaiwale kuyeza elekitirodi ina yopanda enzayimu m'madzi a nsomba omwewo n'kuchotsera nambala yake, chifukwa ophunzira ambiri amadumpha sitepe imeneyi.

Samalaninso ndi mbali inayo, imene ndi yoopsa kwambiri, pamene biosensor ipereka nambala yaing'ono pa nsomba yoipa. Enzayimu ili ndi malire a liwiro lake, ndipo ikakhuta, timagetsi sitikweranso ngakhale histamine aonjezeke. Diamine oxidase imafika pofooka kumene histamine akachulukitsitsa. N'chifukwa chake madzi a nsomba yokayikitsa amayezedwa kawiri, kachiwiriko atasungunulidwa ndi madzi ena. Mafuta ndi mapuloteni a nsomba amamatanso pa elekitirodi n'kuitseka pang'onopang'ono. Ndiponso enzayimu imathamanga kukatentha n'kuchedwa kukazizira, motero mzere woyerekezera umene munakonza m'mawa wa mu June kuno ku Lusaka sungakhulupirike masana a mu October; muziukonza tsiku lililonse ndi histamine wa mlingo wodziwika. Chodabwitsa n'chakuti timapepala ta enzayimu timafunanso kusungidwa mu firiji pa madigiri 4, kutanthauza kuti kuzima kwa magetsi kumene kumaononga nsomba kumaononganso choyezera nsombayo. Mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku, vuto limeneli likanakhudza labotale iliyonse yopanda jenereta kapena sola. Mukadakhala kuti mukufuna mutu wa kafukufuku wothandiza dziko lino, ndikanakulozerani pamenepo: kumata enzayimu, kaya ndi zomatira zotchedwa glutaraldehyde ndi albumin monga amachitira ambiri, kaya ndi njira ina, n'kuona kuti ikhala masabata angati ili yamphamvu pa kutentha kwa m'chipinda chathu.

FUNSO: Akonzi, ndikumwa mankhwala a TB ndipo anamwino anandiuza kuti ndisamale ndi nsomba zina ndi chizi. Ndiwo zathu pakhomo ndi kapenta masiku ambiri. Kodi ndisiye? Ndine bambo wa ana anayi, Matero.

YANKHO: Bambo, anamwinowo anakulangizani bwino. M'matumbo ndi m'chiwindi mwathu muli ma enzayimu a mtundu womwewo umene amamata pa timapepala toyezera tija, ndipo ntchito yawo ndi kuphwanya histamine ndi tyramine wa m'zakudya asanafalikire m'magazi. Isoniazid, mmodzi wa mankhwala akuluakulu a TB, amafooketsa ma enzayimu amenewa, kotero kuti mlingo wa histamine umene ena pakhomo sangaumve n'komwe, inu ungakutentheni nkhope n'kukupweteketsani mutu. Linezolid, amene amaperekedwa pa TB yosamva mankhwala, amafooketsa monoamine oxidase, enzayimu yophwanya tyramine, ndipo wakumwa mankhwalawa akadya tyramine wambiri, amene amapezeka mu chizi chokhalitsa, masoseji ouma ndi soya sauce, BP yake ingakwere mwadzidzidzi. Kuopsa kophatikiza chizi ndi mankhwala a mtundu umenewu kunalembedwa ndi dokotala wa ku Britain, Barry Blackwell, mu 1963.

Kapenta ndi m'bale wake wa sadini, wa m'madzi opanda mchere, ndipo wa ku Kariba anachita kubweretsedwa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Simukuyenera kumusiya. Nthawi yoopsa pa nsomba yoyanika ndi maola a pakati pa kuvuulidwa ndi kuuma, ndipo kapenta woyanikidwa pa thandala dzuwa likuswa mtengo ku Siavonga kapena ku Mpulungu amauma msanga, pamene wa nthawi ya dzinja amachedwa. Muzigula wouma bwino, wothyoka mukamupinda, wopanda chinyezi ndi fungo loboola m'mphuno, ndipo ndiwo zotsala zisagone pa mbaula kudikira mawa. Makerele ndi tuna muzidya pokhapokha mukudziwa kuti sanasungunukepo. Mukaona zizindikiro mutadya, kauzeni a kuchipatala kumene mumalandirira mankhwala, koma musadukize kumwa mankhwala a TB ngakhale tsiku limodzi popanda iwo kukuuzani.

FUNSO: Akonzi, amayi anga ali ndi makina oyezera shuga. Nditadonthezera madzi a nsomba pa kapepala kake, kodi sangandiuze ngati yaipa? Ndine mtsikana wa ku Kanyama.

YANKHO: Ayi, achemwali. Pa kapepala ka amayi anuwo anamatapo glucose oxidase kapena glucose dehydrogenase, ma enzayimu amene amadziwa shuga basi, ndipo histamine amangowadutsa osamuzindikira. Makinawo anakonzedwanso kuti aziwerenga magazi, choncho madzi a nsomba angakupatseni chizindikiro cha kulakwika kapena nambala yopanda tanthauzo. Kapepala kalikonse kamagwira ntchito kamodzi kokha, ndiye mukhala mwawaonongera amayi kapepala kamene akanayezera shuga wawo m'mawa.